Mithunzi ya ku Kitwe ndi ku Ndola

Abale athu a ku Katete ndi ku Chadiza akamva za kuno ku Migodi amangoganiza za utsi, fumbi ndi zitsulo. Koma mlendo wofika ku Nkana East m'mwezi wa Okutobala amayamba wadabwa ndi mitengo. Majakaranda amakhala atayala maluwa awo achibakuwa m'misewu, mango ali pafupi kupsa, ndipo munthu angathe kuyenda mtunda ndithu osapsa ndi dzuwa.

Mitengo imeneyi sinamere yokha. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Kampani ya Rhokana inamangira antchito ake achizungu nyumba za mabwalo aakulu kuno kumayadi, nibzala mitengo m'mbali mwa misewu. Makolo athu anawaika ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Mindolo, m'tinyumba tothinana. A ku Wusakile ndiwo anali pafupi ndi ng'anjo yosungunulira miyala, imene utsi wake, uja tinkautcha senta, unkawauula masamba ndi kutsokomoletsa ana. Mthunzi unagawidwa monga m'mene ankagawira malipiro.

Ufulu utabwera mu 1964 mipanda ya tsankho inagwa, ndipo m'zaka za ZCCM, kuyambira 1982, mgodi unkasamalabe mabwalo a masewera, makalabu ndi timapaki ta ana m'makomboni. Migodi itagulitsidwa, makamaka mu 2000, eni ake atsopano anati iwo anabwera kudzakumba mkuwa basi. Malo amenewo anatsala opanda mwini. Pamene panali akatungwe a ana lero pali woumba mabuloko, wotsuka magalimoto, kapena nyumba yozingidwa ndi khoma lalitali. Matchalitchi ena nawonso anatengako gawo lawo. Ana a masiku ano amamenya mpira pamsewu, maso ali kumagalimoto.

Chitsanzo chachikulu chili pakati penipeni pa tauni. Freedom Park inali malo a msipu ndi mitengo kumene mabanja ankapita Lamulungu masana, akwati nakajambulitsa zithunzi, ndipo andale ankachititsirako misonkhano. Mbali ina ya malowo tsopano pali masitolo aakulu a ECL Mall. Sitikana kuti masitolo alemba anthu ntchito. Koma m'sitolo munthu wopanda ndalama m'thumba amakhala ngati wobisala, pamene pansi pa mtengo agogo, mlova ndi bwana onse amakhala mofanana. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Kum'mawa kwa Nkana East kumadutsa mtsinje wa Kafue. Mzinda wina ukadakhala ndi mtsinje wotere ukadalambula njira ya oyenda pansi m'mbali mwake ndi kuikamo mipando. Ife tinaufulatira. M'mphepete mwake muli madimba a repu ndi tomato, mabango, ndi tinjira ta asodzi, ndipo malo abwino okhalapo ambiri ndi olipira. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zotsalira za mgodi wina ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mbewu za m'madimba zinapserera, ndipo mipope ya m'Kitwe inauma kwa masiku angapo. Pamenepo m'pamene ambiri tinakumbukira kuti madzi a m'kapu yathu amachokera kumtsinje umene sitiuyenderako.

Ofuna mpweya wabwino amapita ku Mindolo Dam, kunja pang'ono kwa tauni. Ofuna bata lenileni apitirire Kalulushi kukafika ku Chembe Bird Sanctuary, makilomita ngati 30 kuchokera ku Kitwe, kumene kanyanja kazingidwa ndi nkhalango ya miombo. Nyamulani kamba wanu, ndipo ana asayandikire madzi, pakuti muli ng'ona.

Tsono tiyeni tikwere basi ya ku Ndola, ulendo wa makilomita ngati 60. Tikayandikira Ndola timadutsa m'nkhalango ya Chichele, ya mapaini ndi bulugamu, mitengo yobzalidwa m'mizere kuti idzachekedwe matabwa. Akuluakulu m'basimo amayang'anabe pakati pa misewu iwiriyo, pamene panali mtengo wa mofu. Unali wa mamita oposa 30 kutalika, wa zaka zoposa 200, ndipo Alamba, eni dziko lino, ankati ndi nyumba ya mizimu. Omanga msewu anaulambalala, boma linaulemba m'gulu la zikumbutso za dziko mu 1976, koma mu 2008 unagwa ndi mkuntho. Mnzake wa m'tauni ya Ndola, pa Makoli Avenue, umene pansi pake ogula akapolo ankachitira malonda awo oipa m'zaka za m'ma 1800, nawonso unagwa, chiswe chitaudya. Mitengo iwiriyi palibe anaidula. Inafa ndi ukalamba. Chotidandaulitsa n'chakuti nkhalango imene inabala zimphona zotere yapita ku makala, ndipo mtengo wa zaka 200 sagula kusitolo.

Pobwerera tipatuke kumanja, tilowe kumalo okumbukirako Dag Hammarskjöld, chapafupi ndi bwalo latsopano la ndege la Simon Mwansa Kapwepwe limene linatsegulidwa mu 2021. Apa m'pamene inagwera ndege ya Mlembi Wamkulu wa United Nations usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Seputembala 1961, akubwera kudzakambirana za mtendere wa ku Congo. Anthu onse 16 a m'ndegemo anamwalira, mmodzi atagona masiku angapo m'chipatala. Pakati pali chipilala cha miyala, pozungulira pali msipu, maluwa ndi mitengo, ndipo chapambali pali chulu pamene anapeza mtembo wake. Mwa malo onse amene tatchula, awa ndiwo osesedwa ndi osamalidwa koposa. Chifukwa chake n'chodziwika: ali ndi mwini, ali ndi malire olembedwa m'malamulo, ndipo akazembe a maiko amabwera chaka ndi chaka kudzaika nkhata za maluwa. Palibe khansala angayerekeze kudulapo puloti.

Kwawo kwa malemuyo, ku Sweden, anachita zomwezo ndi mzinda wathunthu. Likulu lawo la Stockholm, lomangidwa pazilumba m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, nalonso linkadyedwa ndi omanga nyumba ndi misewu. Mu 1995 nyumba ya malamulo inateteza dera la nkhalango, madambo ndi magombe loposa masikweya kilomita 20 m'kati mwa mzinda ndi m'mbali mwake, kuti likhale la anthu onse. Kumeneko chisanu chimatha miyezi yambiri mitengo ili yopanda masamba. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo njere ya mango yotayidwa padzala imamera popanda woithirira.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala. Mbande sizisowa, zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'Kitwe momwemo. Chosowa ndi malo oti mbandezo zikulirepo popanda wina kubwera ndi chingwe choyezera. Mamiphakati ndi makomiti a m'madera angathe kupita ku Civic Centre kukafunsa mapu oonetsa malo amene anasiyidwira masewera a ana m'dera lawo, ndi kuona ngati alipobe.