Pulani ya Lilongwe iziyambira ku Chisenga

Pa kalembera wa 1966, Lilongwe kanali katauni ka anthu osakwana 20,000. Pofika 2018 anthu mumzindawu anali atapitirira 989,000. Anthu onsewa sanagwe kumwamba ayi. Ena anabadwira konko, inde, koma ena ambirimbiri ndi ife ana a kumudzi, amene tinafika pa dipoti ndi chikwama chimodzi komanso nambala ya foni ya wachibale. Ine kwathu ndi m'munsi mwa mapiri a Mafinga, mbali ya Chisenga ku Chitipa, makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Capital Hill. Ndiye ndikamva kuti akuluakulu akhala pansi kukonza tsogolo la likulu lathu, ndimafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi akuwerengeranso amene sanafike, koma ali m'njira?

Lilongwe si mzinda wongomera wokha ngati bowa. Anachita kuulemba papepala. Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, boma la South Africa linapereka ngongole, ndipo mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawu. Mu 1975 likulu linasamukadi. Pulaniyo inali yooneka bwino: maofesi pa Capital Hill, mabwana ku Area 10, ogwira ntchito m'boma ku Area 18, mitengo pakatipakati, misewu yotakata. Anasiyanso malo ngati Area 25 oti anthu wamba azimanga okha. Koma anthu anachuluka kuposa mapuloti, ndipo otsalawo anakadzipezera pogona ku Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma.

Msuweni wanga ndi mmodzi wa iwo. Atalemba mayeso a Fomu 4 anakhala zaka ziwiri akulima chimanga ndi nyemba, kenaka anakwera matola mpaka pa boma, n'kudutsa Karonga ndi Mzuzu, ulendo wa ku Lilongwe. Lero amapalasa kabaza. Amachita lendi kachipinda kamodzi ku Mtandire, madzi amagula pa kiyosiki ndi chigubu, chimbudzi amagawana ndi mabanja ena anayi. Akaima pakhomo amaona mipanda ya ku Area 47. Mnyamatayu sanathawe kwathu chifukwa chodana nako. Anatopa ndi kugulitsa nyemba kwa mavenda pamtengo wolira nawo, poti mvula ikagwa msewu wathu wafumbi umasanduka phala ndipo wogula amene wafika ndi yemweyo basi. Pajatu ngakhale msewu wa Karonga-Chitipa unalandira phula patatha zaka pafupifupi 50 chilandirireni ufulu.

Mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba pulani ina ya Lilongwe yoyang'ana mpaka 2030. Nthawi imeneyo 2030 inkamveka ngati kutali. Lero ili pakhomo. Zina zaoneka, tisanamizane: misewu ikukula, pa Area 18 pali intachenji. Koma msewu wotakata umathandiza kwambiri wagalimoto. Wakabaza amangopempha Mulungu m'mphepete.

Ife a ku Mafinga pali chinthu chimene timachidziwa osachita kupita kusukulu: mtsinje umayambira kuphiri. Kuseri kwa mapiri athu, mbali ya Zambia, n'kumene kumachokera Luangwa. Lilongwe nayo ili ndi phiri lake, Dzalanyama, kumene kumachokera madzi odzaza madamu awiri a Kamuzu. Nkhalango imeneyi yadyedwa ndi makala mpaka boma linachita kutumizako asilikali. Nanga makalawo amagula ndani? Pafupifupi tonse, koma makamaka anthu ngati msuweni wanga, amene alibe njira ina yophikira nsima kupatula mbaula. Mwaona m'mene zimalumikizirana? Munthu amene pulani sinamuwerengere amaphikira mtengo umene umasunga madzi a mzinda wonse, mabwana a ku Area 10 omwe. Pano tikukamba zokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi mfundo imene ine ndimaikonda: kukweza matauni ena asanu ndi atatu kuti aliyense asamathamangire ku Lilongwe ndi Blantyre. Karonga ili pa mndandandawo. Tangoganizani Karonga itakhala ndi mafakitale okonza mpunga wa Kilombero, khofi wa ku Misuku ndi nyemba zathu. Mwana wa ku Chisenga atha kugwira ntchito kumeneko, kumudzi kukagwa maliro n'kufika tsiku lomwelo. Mayi ake akadwala sangadikire kuti mwezi uthe kuti apeze thiransipoti. Ndipo Mtandire ingapumeko.

Sindikunena kuti anthu asiye kupita ku Lilongwe. Likulu ndi la tonse, ndipo walira mvula walira matope: ukafuna mzinda waukulu, landiranso obwera. Pempho langa lili pawiri. Choyamba, olemba mapulani azidula mapuloti otsika mtengo, n'kufikitsako mipopi ndi misewu anthu asanafike, m'malo mobwera ndi zigumula nyumba zitamangidwa kale. Chachiwiri, za Karonga zija zisathere m'mabuku onyezimira ogawidwa m'mahotela.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni, ngati muli ndi zaka 25, mu 2063 mudzakhala agogo a zaka 60 ndi kanthu. Amene akusaina mapulaniwa ambiri sadzakhalapo. Mzindawo tidzakhalamo ndi ife ndi adzukulu athu, ndiye khansala kapena phungu akabwera kudzapempha voti, mufunseni kuti achinyamata amene akulemba mayeso chaka chino kumudzi kwanu akawaika kuti.