Majumbo a ku Chilinde amafika kunyanja

Ife a ku Chilinde timayesa kuti nyanja yamchere sitilakwira, pakuti ili kutali. Komatu majumbo otayidwa m'ngalande, mvula ikagwa, amakokolokera mumtsinje wa Lilongwe. Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe m'nyanja ya Malawi, ndipo madziwo amatsika ndi Shire ndi Zambezi kufikira nyanja ya India. Pulasitiki saola, amangosweka n'kukhala tizidutswa timene nsomba zimameza.

Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma lamulo silitembenuza mtima. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa munda kuti ausunge. Ndikukupemphani, abale: kumsika tizipita ndi dengu, ndipo ngalande isasanduke dzala. Mlengi adzatifunsa za madzi ake.

Ambuye akudalitseni.