NGWAZI ZA M'MABUKU A ZITHUNZI AKALE ZINALI ANA AMASIYE

Mwezi uno tifuna kucheza nanu nkhani imene ena angaione ngati yosayenera masamba a mpingo. Tikunena za mabuku a zithunzi aja, amene achinyamata amati makomiki, osimba za ngwazi zouluka m'mlengalenga ndi zonyamula galimoto ngati mtolo wa udzu. Ife amene tinali ku sukulu ya pulayimale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinawakonda mabukuwo, ndipo ngakhale imvi zayamba kutuluka, sitinaleke kuwakonda. Akulu a mpingo anzathu atipirire pang'ono, chifukwa chake tichifotokoza.

Mabukuwo ankafika m'manja mwathu atayenda kale ulendo wautali kuchokera ku America, atadutsanso m'manja ambiri. Chikuto chinali chong'ambika, ndipo kaŵirikaŵiri tsamba lotsiriza linali litathera kukulungira fodya wa wina wake, kotero kuti mathero a nkhani tinkapeka tokha pobwerera ku sukulu. Chingerezi chimene chinkatikanika m'kalasi, m'menemo chinkamveka, pakuti chithunzi chinkamasulira mau. Mphunzitsi aliyense amene anayesapo kuphunzitsa Sitandade 5 adziŵa mtengo wa buku limene mwana aliŵerenga popanda womuumiriza.

Koma chimene chatigwira mtima titakula ndi china. Ngwazi zitatu zotchuka koposa za masiku amenewo, Superman, Batman ndi Spider-Man, zonse zinali ana amasiye. Ndipo olemba akale anasamala kutionetsa kuti khalidwe la aliyense wa iwo linachokera kwa amene anamlera, osati ku mphamvu zake.

Superman ndiye mwana wachisamba. Anatulukira mu 1938 m'buku lotchedwa Action Comics, limene mtengo wake unali masenti 10. Anampeka ndi anyamata aŵiri a mu mzinda wa Cleveland, Jerry Siegel wolemba mau ndi Joe Shuster wojambula, onse ana a Ayuda amene anachoka ku Ulaya. Atate ake a Siegel anamwalira mu 1932 mbala zitaloŵa m'sitolo mwao, iye ali ndi zaka 17. Nkhani yake ndi iyi: dziko lotchedwa Krypton lili pafupi kuonongeka, ndipo makolo aika khanda lao m'kachombo nalitumiza kutali kuti lipulumuke. Amene anapita ku Sande Sukulu akumbukira kale Eksodo 2, ndi mwana uja anaikidwa pakati pa bango m'mphepete mwa mtsinje. Mu 1939 olembawo anaonjezapo bambo ndi mayi Kent, anthu wamba achikulire, amene anatola khandalo nalitenga ngati lao. Anamlangiza zinthu ziŵiri: kuti abise mphamvu yake kuopa kuti anthu angachite naye mantha, ndi kuti nthaŵi ikakwana aigwiritse ntchito pothandiza anthu.

Taonani tsono amene analimbana nawo poyamba. Sizinali zilombo zochokera ku nyenyezi ayi. M'nkhani yoyamba yeniyeniyo anapulumutsa mkazi amene anaŵeruzidwa kuti aphedwe pa mlandu umene sanapalamule, naletsanso mwamuna wina amene ankamenya mkazi wake. Patapita miyezi iŵiri anatsekera mwini mgodi pansi pa mgodi wake womwe, kuti alaŵe zimene antchito ake ankakumana nazo. Amene atate ao anagwirako ntchito ku migodi ya ku Johannesburg safuna kuwafotokozera. Akatha zimenezi ankavala mandala ndi jekete nakhala Clark Kent, mtolankhani wamanyazi amene anzake ankamuyesa wamantha. Sanalandirepo malipiro ngakhale tambala imodzi pa ntchito ya chifundoyo, sanafunenso mpando uliwonse. Ife tidziŵa anthu amene akangopatsidwa kampando ka m'komiti, mudzi wonse sugona tulo.

Batman, amene anabwera mu 1939, sitikhalitsa pa iye. Makolo ake anaphedwa ndi mbala iye akuona, ndipo m'nkhani zoyambazo sitiona munthu womlera; tiona chuma chambiri ndi lumbiro lolimbana ndi zigaŵenga. Nchosadabwitsa kuti poyamba anali wouma mtima, wonyamula mfuti nthaŵi zina. Anayamba kufeŵa mu 1940 pamene iye mwini anatenga mwana wamasiye, Dick Grayson, wotchedwa Robin, nakhala naye m'nyumba mwake.

Amene timkonda koposa ndi Spider-Man, wolembedwa ndi Stan Lee ndi kujambulidwa ndi Steve Ditko mu 1962. Dzina lake ndi Peter Parker, mnyamata wa ku sekondale mu mzinda wa New York, woonda, wokonda sayansi, wosekedwa ndi anzake. Ankakhala ndi Ben ndi May Parker. Azungu amamutcha Ben ndi mau amodzi omwewo amene amatchulira amalume, koma iye anali mkulu wake wa atate a Peter, ndiye kuti kwathu kuno tikanati bambo aakulu, ndipo May ndi mayi aakulu. Anali okalamba ndi osauka, komabe anasunga timakobidi namgulira mwanayo makina oonera tinthu tating'ono amene ankawalakalaka.

Atalumidwa ndi kangaude wachilendo, Peter anapeza mphamvu zoposa za amuna ambiri pamodzi. Kodi anathamangira kukathandiza anthu? Ayi ndithu. Anachita zimene mnyamata aliyense akanachita: anakagwetsa katswiri wa zogwetsana kuti alandire ndalama, nakadzionetsa pa wailesi yakanema. Tsiku lina mbala inamdutsa pafupi ikuthaŵa wapolisi, ndipo iye, amene akanatha kuigwira ndi chala chimodzi, anaileka, poti sinali ntchito yake. Patapita masiku ochepa bambo aakulu Ben anaphedwa m'nyumba mwao. Peter analondola wakuphayo namgwira, ndipo poyang'ana nkhope yake anaona kuti ndi mbala yomwe ija. Nkhani yonseyi ili pa masamba 11 okha. Sitinapezebe buku lina la ana lofotokoza bwino chotere tchimo la kusachita chabwino chimene munthu achidziŵa, limene Yakobo alitchula kumapeto kwa mutu 4 wa kalata yake. Onaninso kuti mbalayo sanaiphe, ngakhale mtima unaŵaŵa. Anaipereka kwa apolisi.

Tsono lingalirani za mayi May. Peter sanali wa magazi ao. Anali mwana wa mlamu wao, ndipo mwamuna amene anawalumikiza ndi mwanayo anali atagona m'manda. Akanatha kunena kuti mwana apite kwa abale ake. Sanatero. Anakhala naye, ndalama za lendi zikusoŵa, iwo eni akudwaladwala, akumdera nkhaŵa kuti avale chofunda kunja kukuzizira, osadziŵa kuti mwana ameneyo angathe kunyamula galimoto. Tili ana tinkawaseka mayi ameneŵa ndi kudumpha masamba ao kuti tifike msanga pa nkhonya. Lero masamba aowo ndiwo timaŵerenga mofatsa.

Pakuti mayi May timawadziŵa. Ali m'mipingo yathu, ena mwa iwo amavala yunifolomu ya Chigwirizano. Chiyambire zaka zija matenda a Edzi anasesa makolo ambiri, pafupifupi banja lililonse lalerapo mwana wa malemu. Koma tidziŵanso, ndipo milandu yake imafika pa bwalo la akulu a mpingo, makomo amene mwana wa malemu ndiye wa ku chigayo ndi ku dambo pamene ana a m'nyumba ali ku sukulu, ndiponso abale amene amafika pa maliro maso ali pa malata ndi njinga. M'kalasi mwana wotere sabisika: amafika mochedwa, amaodzera, ndipo kope lake ndi limodzi la maphunziro onse. Iyenso adzakula nadzakhala ndi mphamvu yake, kaya ya ndalama, kaya ya udindo, kaya ya nkhonya chabe. Adzaigwiritsa ntchito monga anaonera pa khomo limene anakulira.

Sitikunena kuti mabukuwo analibe chilema. Nkhonya zinalimo zambiri, ndipo m'zaka zoyambazo munthu wakuda kaŵirikaŵiri ankajambulidwa monyoza kapena osaoneka konse; mu 1966 Stan Lee ndi Jack Kirby anabweretsa Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la mu Afrika. Eni makampani nawonso sanatsate chilungamo chimene ankagulitsa: Siegel ndi Shuster anapatsidwa madola 130 okha pa umwini wonse wa Superman, nakalamba ali osauka, mpaka mu 1975 pamene kampani inavomera kuwapatsa ndalama chaka ndi chaka. Mu 2024 kope limodzi la buku loyamba lija linagulidwa pa madola 6 miliyoni. Makolo a ku America anadandaulanso monga adandaulira athu. Mu 1954 dokotala wina, Fredric Wertham, analemba kuti makomiki akuononga ana, ndipo chaka chomwecho osindikiza anadziikira malamulo akuti choipa chisapambane chabwino m'nkhani iliyonse. Malamulowo anapitirira muyeso pena, ndipo anatheratu mu 2011.

Mphepo inatembenuka cha mu 1986, pamene olemba monga Frank Miller ndi Alan Moore anatulutsa nkhani za ngwazi zotopa, zokwiya ndi zokayikitsa. Anali aluso, ndipo ankalembera akuluakulu. Koma owatsanzira anatola mdima wokhawokha. Pofika mu 2013 kanema wina anaonetsa Superman akuthyola khosi la mdani wake, mzinda uli bwinja kumbuyo kwake. Zotere ndizo ana athu ambiri amaona m'nyumba za vidiyo pa msika, ndipo ife sitimzindikira mwana wa bambo Kent m'menemo.

Achinyamata amene muli ndi mafoni a intaneti, funani nkhani ya Spider-Man ya nambala 33, ya mu 1966, muŵerenge pamodzi ndi makolo anu. Mayi May ali m'chipatala, ali pafupi kutsirizika. Mankhwala okhawo amene angawachiritse abedwa, ndipo Peter, powalondola, wapsinjidwa ndi chitsulo chachikulu m'chipinda cha pansi pa madzi. Denga likudontha, madzi akukwera, ndipo kachitini ka mankhwala kali poteropo, dzanja silikufikira. Palibe mdani woti ammenye, palibenso womuonerera. Ditko anapatula masamba asanu kuti ajambule mnyamata mmodzi akuyesa kudzuka, zithunzi zikukulirakulira tsamba ndi tsamba. Ayesa, alephera. Akumbukira bambo aakulu amene anawataya chifukwa cha mphwayi zake, aonanso nkhope ya mayi amene anamlera. Akanikiza manja pansi, miyendo ikunjenjemera, ndipo pa tsamba lachisanu, limene lonse ndi chithunzi chimodzi, chitsulo chija chichoka pamsana pake. Atola mankhwala nauyamba ulendo wa ku chipatala akutsimphina.