Ndalama za pampu zitatsakamira ku Springfield

Mvula ya chaka cha 2024 itadula chimanga chisanakhwime, alimi 32 a gulu lina la ulimi wa mthirira m'boma la Dedza anaona kuti chiyembekezo chawo chatsalira ku dimba. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho boma la Malawi linali litalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Pampu zawo zopalasa ndi miyendo zinali zitatheratu, ndipo injini imene ankabwereka inkamwa petulo wa ndalama zambiri kuposa phindu la tomato. Atakhala pansi anagwirizana zogula pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo anasonkha ndalama kuchokera ku banki mkhonde ndi ku mbatata ya kachewere imene anagulitsa.

Mwayi unapezeka kwa msungichuma wa gululo, mayi wa zaka za m'ma 40 amene anthu ankamukhulupirira chifukwa kope lake silinkasowa ngakhale K50. Mchimwene wake amagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba ina yosungira malonda ku Springfield Park mumzinda wa Durban, ndipo mkazi wake atachira anatumiza ndalama za basi kuti mlongo wakeyo akaone mwana. Iye ndiye anauza gulu kuti pampu, mapanelo a sola ndi zolumikizira zake zonse zikupezeka pa R14,000 m'sitolo ina ya pafupi ndi kuntchito kwake. Ulendo unali wolipiridwa kale, choncho gulu linangotsala ndi funso limodzi: ndalamazo ziyenda bwanji?

Apa mpamene panagona nkhani. Chiyambire pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzaitsitsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja sizinkapezeka mwachisawawa m'mabanki. Pa mtengo wa boma randi imodzi inali pafupifupi K95 m'miyezi imeneyo, kutanthauza kuti pampuyo ikanadya ndalama zoposa pang'ono K1.3 miliyoni. Kwa mavenda osintha ndalama m'misewu mtengo unali wokwera kwambiri, komanso malonda amenewo ndi oletsedwa ndi malamulo. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo anawaunikira kuti khadi la ku banki limasintha ndalama pa mtengo wa banki, ndiponso munthu sayenda ndi mpukutu m'chiuno. Akuluakulu ena a gululo sanakondwe nazo. Mmodzi anakumbutsa anzake kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, koma mawu ake anagonja pa chisankho.

Akaunti ya gulu inkafuna anthu awiri osayinira ndipo inalibe khadi. Anachita kusamutsira ndalamazo ku akaunti ya msungichuma mwiniwake, mlembi n'kulemba zimenezi m'buku la misonkhano, aliyense n'kusayina kapena kudinda chala. Kuyambira tsiku limenelo, tambala iliyonse yosowa ikanasowa m'dzina lake.

Asananyamuke anapita ku banki yake ndi funso limodzi: "Kodi khadi langali ligwira ntchito ku Joni?" Wantchito wa pa zenera anayang'ana chizindikiro cha pakona n'kuyankha kuti ligwira. Yankholo linali loona, koma funsolo linali losakwanira. Khadi lokhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard limalandiridwadi kunja, koma banki iliyonse imaika malire a ndalama zimene khadi lingatulutse kunja pa tsiku kapena pa mwezi, ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa malirewo amatsitsidwa. Zimenezi munthu amayenera kuzifunsa mwatchutchutchu, n'kuuzanso banki masiku a ulendo ndi dziko limene akupita, kuti makina asayese kuti khadilo labedwa.

Basi inadutsa pa chipata cha Dedza m'mwezi wa Ogasiti, n'kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda ndi kukagona pa mzere wa Beitbridge. Atafika ku Johannesburg anakwera ina yotsetsereka ku Durban. Foni yake inasiya kugwira atangolowa m'dziko la Mozambique, koma sanadandaule nazo poti ankadziwa kuti mchimwene wake akamuchingamira.

Springfield ndi chigwa cha m'mbali mwa mtsinje wa Umgeni, chodzaza ndi masitolo akuluakulu ogulitsa mopikulitsa, mafakitale ndi malole. Mlimi akauzidwa mbiri ya malowa amadabwa, pakuti kale anali madimba. Amwenye amene makolo awo anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal ankalima ndiwo zamasamba pamenepo n'kumadyetsa mzinda wonse, ndipo madzi osefukira a mu 1917 anakokolola nyumba ndi mbewu zawo. Pambuyo pake anasamutsidwa, dothi lachonde lija n'kuphimbidwa ndi simenti. Mchimwene wake anamuonetsanso masitolo amene anathyoledwa pa zipolowe za mu Julayi 2021. Mayiyu ankayang'ana mtsinjewo ndi maso a munthu wa ku dimba, n'kumawerengera mumtima maekala amene madzi otere angathirire.

M'sitolomo katundu anali monga anamuuzira. Wogulitsa analemba R14,000 pa kamakina, mayiyu n'kulowetsa khadi ndi kudinda nambala yachinsinsi ataphimba ndi dzanja. Kapepala kanatuluka ndi mawu a Chingerezi osonyeza kuti banki yakana. Wogulitsayo, amene anaonetsa kuti zotere anazizolowera kwa makasitomala ochokera kumpoto kwa Limpopo, anati ayese ndalama zochepa. Analemba R3,000. Ulendo uno kamakinako kanaganiza nthawi yaitali, kenaka n'kutulutsa kapepala kena konena kuti kulumikizana kwalephereka. Atayesa kachitatu, banki inakananso.

"Achemwali, tiyeni tizipita. Mukapitiriza alitseka khadili," anatero mchimwene wake. Mayiyu anatola timapepala tonse titatu, ngakhale wogulitsa anali atatambasula kale dzanja kuti atitaye m'bini. Sanachite zimenezi chifukwa chodziwa ntchito yake. Chinali chizolowezi chabe cha msungichuma.

Usiku umenewo tulo sanatione. Banki yake imatumiza uthenga pa foni ndalama zikangotuluka, koma mauthengawo ankapita ku nambala ya ku Malawi imene inali itafa kuchokera ku Mozambique, poti sanapemphe kampani ya foni kuti imutsegulire kugwiritsa ntchito nambalayo kunja. M'mawa mchimwene wake atapita kuntchito, iye anayenda yekha kukafuna makina a ATM kuti aone zotsala mu akaunti. Ali pa mzere, mnyamata wina wovala bwino anamuyandikira mwaulemu n'kumuuza kuti makhadi akunja amayenera kuyamba atsegulidwa, ndipo iye angathandize. Dzanja la mnyamatayo linali litafika kale pafupi ndi khadi. Umu ndi mmene akuba ambiri a pa ATM ku South Africa amachitira: amasinthanitsa khadi la munthu ndi lina lofanana nalo m'kuphethira kwa diso, mnzawo ali kumbuyo kuwerenga nambala yachinsinsi. Mayiyu anali atachenjezedwa ndi mlamu wake. Anadinda batani lofiira, n'kusolola khadi lake, n'kukaima pafupi ndi mlonda mpaka mnyamatayo atachoka. Atabwereranso pa makina anaona chimene ankachiopa. Ndalama zolingana ndi R3,000 zinali zitachoka, pamene pampu inali idakali m'sitolo.

Chimene chinachitika n'chosavuta kuchimvetsa munthu akakhala kuti si mwini ndalama. Khadi likalowa m'kamakina, uthenga umachoka m'sitolo kupita ku banki ya sitoloyo, kudutsa ku kampani ya makhadi, mpaka kukafika ku banki ya mwini khadi ku Malawi. Bankiyo ikavomera imapatula ndalamazo n'kutumiza yankho. Yankholo likachedwa m'njira, kamakina ka m'sitolo kamanena kuti zalephereka, chonsecho kwawo ndalama zagwidwa kale. Sizinabedwe ndipo sitolo sinazilandire. Zimangokhala zomangidwa mpaka mabanki awiriwo atayanjanitsa mabuku awo, zimene zimatenga masiku. Mahotela ndi makampani obwereketsa galimoto amamanga ndalama motere mwadala ngati chikole. Chimodzimodzinso sitima zapamadzi za alendo zonyamuka pa doko la Durban kupita ku Pomene ndi Portuguese Island ku Mozambique, mmene munthu amalembetsa khadi lake pokwera ndipo zogula zonse zimalembedwa pamenepo. Kwa mwini khadi la ngongole, lija amati credit, chomangidwacho ndi ndalama ya banki. Koma Amalawi ambiri ali ndi khadi la debit, lotapa m'thumba lawo lomwe, ndipo chomangidwa chimakhala chakudya cha mawa.

Madzulo anaimbira banki pa foni ya mchimwene wake, mayunitsi akutha ngati madzi a m'dengu. Anauzidwa zinthu ziwiri. Choyamba, adikire masiku angapo, ndipo ndalamazo zikapanda kubwerera adzalembe dandaulo n'kuperekanso kapepala kaja. Chachiwiri, malire a khadi lake kunja anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa pampu, ndipo R3,000 yomangidwayo inali ikuwerengedwa kale m'malirewo.

Chovuta kuposa zonse chinali kuimbira wapampando. Mayiyu ankadziwa mmene nkhani imayendera pamudzi: ikachoka pa chitsime ikunena kuti ndalama zamangidwa, pofika ku chigayo imakhala ikunena kuti zadyedwa ku Joni. Anajambula timapepala tija n'kutumiza pa WhatsApp kwa mlangizi kuti akawerengere gulu lonse. "Apampando, ndalama zilipo, koma zina zatsakamira m'makina. Ndikupempha kuti muuze anthu lero lomwe, asadzamve kwa ena," anatero. Wapampando anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Tamva, mayi. Koma musabwere chimanjamanja."

Ndalama zija zinabwerera pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Anapitanso kusitolo, n'kulipira R5,000 m'magawo awiri pa masiku awiri, pamene khadi linafika pa malire ake. Atawerengera bwino anapeza kuti randi iliyonse yamudyera makwacha ochulukirapo kuposa mtengo umene anauona pa bolodi la banki, chifukwa pa kusintha kulikonse kampani ya makhadi ndi banki zimadulapo zawo. Ngakhale kufunsa zotsala pa ATM kuja kunali ndi mtengo wake. Zonsezi anazilemba m'kope, mzere ndi mzere.

Panatsala R9,000, ndipo masiku 30 amene Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa popanda viza anali akutha. Mchimwene wake anali ndi ndalama zimene ankasunga kuti atumizire mayi awo kumudzi zogulira chimanga cha chaka chonse. Anavomera kuzipereka kusitolo, koma funso la kabwezedwe linawakhalitsa pansi mpaka pakati pa usiku. Pa mtengo wa boma iye akanaluza, pakuti chimanga kumudzi sichitsata mtengo wa boma. Pa mtengo wa mavenda gulu likanaluza, ndipo msungichuma sakanatha kulemba mtengo woterowo m'buku la gulu lolembetsedwa. Mlamu wake, amene ankayamwitsa mwana pakona osalankhula, ndiye anadula mlandu. "Alamu, amayi akufuna makwacha kapena nsima? Gulu liwapatse chimanga." Anagwirizana kuti makwacha otsala mu akaunti abwerere ku gulu, ndipo gulu lizipereka matumba kwa mayi awo, ena ogula nthawi yomweyo, ena ochokera ku dimba pampu ikayamba ntchito.

Pobwerera anataya mwayi umodzi. Mlendo wogula katundu woposa R250 ku South Africa angathe kuitanitsa msonkho wa VAT, umene uli pa 15 peresenti, potuluka pa zipata monga Beitbridge, bola akhale ndi risiti yoyenera ya msonkho ndipo katunduyo aonedwe ndi akuluakulu a pa chipata. Pa R14,000 msonkhowo unali woposa R1,800. Koma pampu inali pansi pa katundu wa anthu ena m'ngolo ya basi, ndipo kondakitala sanafune n'komwe kumva zomasula zingwe usiku. Risiti yomweyo inamuthandiza pa chipata cha Dedza, pamene a MRA anafuna umboni wa mtengo wa katunduyo.

Pa msonkhano wa gulu anayala mapepala onse pa mphasa. Timapepala ta m'kamakina tinali titayamba kale kufufutika ndi kutentha kwa m'chikwama, moti zithunzi za pa foni ya mlangizi ndizo zinawerengedwa. Mkulu uja wa mwambi wa fodya anapempha kuti amuwerengere kawiri mzere wa ndalama zimene mabanki anadula, n'kufunsa ngati makinawo amalimanso. Anthu anaseka, mlembi n'kutseka buku.

Pampu inayamba kutunga madzi kumapeto kwa Seputembala. Za kuchuluka kwa matumba, wapampando ndi mchimwene wa ku Durban anakambirana pa foni kwa milungu itatu, wina akuwerengera mtengo wa chimanga wa tsiku limene pampu inagulidwa, wina wa tsiku lopereka. Mayi awo atafunsidwa maganizo anangoti matumbawo abwere osokedwa bwino ndipo chimangacho chikhale chothira kale mankhwala a anankafumbwe.