Timiyala ta m'mutu mwa usipa

Ntchito yanga imayamba dzuwa lisanatuluke, maboti a chilimira akamabwerera kugombe la Metangula, nyali za asiginala zikuzima imodziimodzi. Ndimatsika ndi thabwa loyezera, kasikelo, kope ndi pensulo. Cholembera cha inki sindichifuna, chifukwa pepala likanyowa inki imayenderera. Pa boti limene mwini wake walola, ndimatapa usipa wodzaza kapu n'kuuyeza umodziumodzi kuchokera kukamwa mpaka kumchira. Ndimalembanso kumene akokera, kuti khoka aliponya kangati, mwezi unali bwanji kumwamba, ndiponso ngati kunali mwera kapena mpoto. Amayi oyanika pathandala amandiseka kuti pagombe ponse ndine ndekha wogula nsomba kuti ndikaziwerenge.

Sanama ayi. M'mutu mwa usipa muli timiyala tothandiza nsomba kumva ndi kusambira mowongoka. Kamwala kake kamangofanana ndi kanjere ka mchenga. Umakatulutsa ndi kambaniro kosongoka, kukamata pagalasi, n'kumakapala pang'onopang'ono mpaka kuwala kudutse. Ukakaika pa maikulosikopu umaona mizere yozungulira ngati ya pachitsa cha mtengo, ndipo pa nsomba yaing'ono mzere umodzi ndi tsiku limodzi. Ukapala mopyola, wafufuta masiku a nsombayo ndipo sabwereranso. Kudekha kwa dzanja sindinakuphunzire kusukulu. Ndinakutengera kwa malume, amene ankatha tsiku lathunthu akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

Timiyala timeneti ndi timene tinandikweza ndege kukachita maphunziro a udokotala ku Norway. Masiku ano achinyamata amandipeza pagombe n'kundifunsa kuti, "Achimwene, bolsa munaipeza bwanji?" Bolsa ndi chimene abale athu a ku Malawi, tsidya lija la nyanja, amati sikolashipu. Ndimayamba ndi kuwauza mmene ndinaiphonyera.

Nditamaliza digiri yachiwiri ndinalemba kalata imodzi yokongola, yonena kuti ndine mwana wa msodzi wosauka wa ku Niassa ndipo ndikupempha mwayi. Ndinkangosintha dzina pamwamba n'kutumiza kwa mapulofesa onse amene ndinawapeza pa intaneti. Chaka chinatha kuli zii. Tsiku lina ndikudandaula, malume anaika pansi singano yawo.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, munthu wakumtunda akafuna nsomba amabwera manja ali lende? Amasenza chimanga, kapena nyemba. Nanga iwe kwa azunguwo wasenza chiyani?"

Usiku umenewo ndinatsegula bokosi la makope anga. Munali miyeso ya zaka zingapo, mwezi ndi mwezi, yochokera ku Metangula, ku Meluluca ndi ku Cobué. Ndinali ndisanaganizepo kuti ameneyo ndi katundu. Koma taonani mbiri ya nyanja yathu. Ethelwynn Trewavas anabwera ndi gulu lofufuza za usodzi mu 1939. Rosemary Lowe anafufuza chambo kuyambira mu 1945. Geoffrey Fryer anaphunzira mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Ntchito zikuluzikulu zimenezi zinachitikira mbali ya Nyasaland, ndipo pambuyo pake kafukufuku anakhazikika ku Monkey Bay ndi ku Senga Bay. Kuno kwathu nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964, Metangula ali doko la asilikali apamadzi a Apwitikizi, ndipo itatha imeneyo kunabwera ina imene inafika mpaka 1992. Ndani akanayeza usipa zipolopolo zikulira? Pamene boma linalengeza mu 2011 kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa, zolembedwa za gombe lino zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za tsidya lija. Zina mwa zimene zinkasowazo zinali m'bokosi langa, pansi pa bedi.

Ndinasiya kufunafuna mayina a mayunivesite, n'kuyamba kufunafuna anthu. Ndinkawerenga nkhani za akatswiri zokhudza nsomba zing'onozing'ono za m'nyanja za mu Africa, monga kapenta wa ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, ndi dagaa wa ku Victoria. Pa nkhani iliyonse ndinkaona zinthu ziwiri: amene walemba, ndi kandime kakumapeto kothokoza amene anapereka ndalama. Kandime kameneko anthu amakadumpha, chonsecho ndi kamene kamakuuza kumene kuli chitsime. Kenaka ndinalemba makalata atatu okha, iliyonse yosakwana tsamba. Ndinatchula nkhani ya munthuyo imene ndinawerenga, ndi pamene sindinagwirizane naye. Ndinanena funso langa m'chiganizo chimodzi: kodi usipa wa gombe lakum'mawa umaswa miyezi iti, ndipo umakula msanga motani? Ndinamata chithunzi chimodzi cha miyeso yanga. Za umphawi sindinatchule. Mayi wina, pulofesa, anayankha sabata isanathe, ndipo funso lake loyamba linali lakuti makopewo ndi angati.

Apa mpamene ndinaphunzira kuti kulandiridwa ndi kulipiriridwa ndi zinthu ziwiri. Kalata yokulandira yopanda ndalama ndi bwato lopanda nkhafi. Ndalamazo zimabwera m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi minga yake.

Njira yoyamba ndi ya ntchito. Ku Norway, ku Sweden, ku Denmark ndi m'mayunivesite ambiri a ku Netherlands, wophunzira udokotala amalembedwa ntchito n'kumalandira malipiro pamwezi. Malowo amalengezedwa poyera pa Jobbnorge, pa AcademicTransfer kapena pa EURAXESS, ndipo umapikisana ndi dziko lonse. Ku Norway ndi zaka zitatu, kapena zinayi ngati gawo lina la nthawi yako ukuphunzitsa. Munga wake ngwakuti mutu wa kafukufuku amakhala atausankha kale eni ndalama. Ngati nyanja yako mulibemo, uyenera kuilowetsa ndi pakamwa pako.

Njira yachiwiri ndi bolsa yeniyeni, imene umapempha wekha uli ndi pulofesa wovomera kukuyang'anira. Ambiri kuno sadziwa kuti Mozambique analowa mu Commonwealth mu 1995, choncho bolsa za bungwelo zopita ku Britain ndi zathunso. Kuli DAAD ya ku Germany. Kwa amene Chingerezi chimawalemera lilime, kuli FCT ndi Camões ku Portugal, ndiponso PEC-PG ku Brazil. Kwathu konkuno kuli Instituto de Bolsas de Estudo. Iliyonse ili ndi mwezi wake wotsekera, ndipo ukaphonya ndi tsiku limodzi wadikira chaka.

Njira yachitatu ndi yodya uku ndi uku: miyezi ina kunja, miyezi ina kwanu. Dziko la Sweden linayamba kuthandiza kafukufuku pa Universidade Eduardo Mondlane mu 1978, ndipo aphunzitsi ambiri a kumeneko anapeza udokotala mwa njira imeneyi. Kwa munthu wa ntchito ngati yanga ndi njira yabwino, chifukwa usipa sudikira kuti ubwere patchuthi. Ndipo kunja si ku Ulaya kokha. Ku Makhanda, ku South Africa, kuli Rhodes University ndi nyumba yaikulu yosungira nsomba zofufuzira, kumene akatswiri ake amaidziwa bwino nyanja yathu.

Njira iliyonse imene watenga, funsa funso limene ine ndinatsala pang'ono kuliiwala: mafuta a boti alipira ndani? Bolsa zambiri zimakudyetsa ndi kukugoneka, koma za ulendo wobwerera kunyanja, za injini, za mowa woviikamo nsomba ndi za malipiro a okuthandiza sizinena kanthu. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa tisanasainirane, ndipo pulofesayo anaziika m'bajeti ya polojekiti yake.

Palinso ndalama imene palibe amene amakuuza, yotuluka m'thumba lako bolsa isanabwere. Mayeso a Chingerezi a IELTS ndinakalembera ku Lilongwe, chifukwa kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 2,000. Ndinawoloka pa Cobué kupita ku Likoma, kudikira Ilala mpaka ku Nkhata Bay, kenaka basi. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo zanga zoyamba zinatha mphamvu ndili pa makalata opempha aja, moti ndinalipira kawiri. Masatifiketi a Chipwitikizi anafunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka, n'kukadindidwa ku Maputo. Onjezani pasipoti ndi viza. Mayi anga anandipatsa ndalama ya chipereganyu chawo, chimene kuno timati xitique, ndipo malume anagulitsa usipa wouma umene ankasungira nyengo ya mtengo wabwino. Munthu wina pa WhatsApp anandilonjeza bolsa ndikamutumizira kangachepe. Bolsa yeniyeni sigulidwa, ndipo wokuuza kuti ulipire kuti dzina lako likwere ndi mbala.

Malo a m'polojekiti ya pulofesa uja atalengezedwa ndinapikisana monga wina aliyense. Tsiku la mafunso ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Lichinga kuti intaneti isandidule pakati. Pa kompyuta panaoneka nkhope zitatu. Bambo wina anaona chithunzi cha miyeso yanga chija n'kufunsa chifukwa chake miyeso imasowa masiku ena mwezi uliwonse, ngati kuti wandigwira ulesi. Ndinamuuza kuti mwezi ukakhala wathunthu nyali ya siginala ilibe mphamvu, usipa susonkhana, ndipo asodzi ambiri amagona kunyumba. Anaseka n'kulemba kanthu papepala. Zimenezo mwana aliyense wa ku Messumba amazidziwa.

Chinthu chomaliza chimene ndinalimbira ndi mwini wa katundu. Nsomba zofufuzira sizituluka m'dziko popanda chilolezo, ndipo pangano la Nagoya la 2010 limafuna kuti dziko limene zachokera lipindule nawo. Ndinapempha kuti zilembedwe: makope enieni atsala kuno, timiyala tikatha kuwerengedwa tibwerera, ndipo mayina a anzanga oyeza nawo aoneka pa zimene tidzasindikize. Kufunika kwake ndinakuona bwino tsiku lina lachisanu choopsa, nditalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi kuti ndiothe. Pa galasi lina panali timbuna ta mizere, ta msana wachikasu, ndipo pachikwangwani panalembedwa kuti Cobue. Wogulitsa ankaganiza kuti limenelo ndi dzina la mtundu wa nsomba basi. Nditamuuza kuti ndi mudzi wa anthu, wokhala ndi tchalitchi ndi gombe, ndiponso kuti agogo anga anaikidwa kumeneko, anangoti kukamwa yasa.

Nditabwerera, malume anandiitana pansi pa mango paja. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, koma zala zinkapezabe pobooka.

"Tatiuza, adokotala. Timiyala tija tati chiyani?"

Ndinafotokoza kuti usipa wambiri umakhala ndi moyo pafupifupi chaka chimodzi, ndiye nyengo imodzi yoipa imaoneka msanga m'khoka.

"Zaka zonsezi kuti ukamve kuti usipa sukalamba? Ukanandifunsa ine."

"Ndikanakufunsani, malume, koma boma silikanakhulupirira popanda nambala."

"Ndiye pita ukawapatse nambalazo. Undisiyire singano."

M'mawa uno kunabwera mtsikana wina amene wangomaliza digiri yake ya zaulimi ku Unango. Anandifunsa ngati ndingamupatse adiresi ya pulofesa uja. Ndinamuuza kuti adiresi ilipo ndipo sithawa. Ndinamupatsa kope latsopano ndi pensulo, n'kumusonyeza boti limene linali litangokocheza.