Mwana Watuluka M'chipatala, Nanga Magazi Ake?

Kuno kwa Zulu, khanda likabwerako ku chipatala litagonekedwa masabata angapo, mudzi wonse umapumira m'mwamba. Amayi amaimba nthungululu, agogo nalilandira ndi manja aŵiri, tonse nkumati zoopsa zapita. Komatu, abale anga, pali vuto lina losachita phokoso limene limayamba pomwepo.

Mwana akali m'mimba amatapa kwa mayi wake mchere wotchedwa ayironi, umene thupi limapangira magazi, ndipo nkhokwe yake amaidzaza makamaka m'miyezi 3 yomaliza. Wobadwa pa nthaŵi yake amadza ndi nkhokwe yomufikitsa miyezi 4 mpaka 6. Wobadwa masiku asanakwane amadza nayo yosadzaza. Kuchipatala amamutenganso timagazi kaŵirikaŵiri kuti amupime. Akatuluka amakula mothamanga, pamene mkaka wa m'maŵere, ngakhale ulibe unzake, uli ndi ayironi wochepa. Motero nkhokwe ija imatha msanga.

Ana otere si oŵerengeka ayi. Mu 2012 bungwe la WHO linapeza kuti ku Malaŵi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse. Njira ya kangaru, yofungatira khanda pachifuwa, imene inayamba ku Bogotá mu 1978 nifika ku Zomba mu 1999, yapulumutsa ambiri. Ena amene ndinawabatiza mofulumira, poopa kuti sakufika m'maŵa, lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Chimandiŵaŵa ndi ichi. Mwana uja akayamba kufooka, kuyamwa mwaulesi, zikhatho ndi m'zikope muli mbuu, kumudzi timafulumira kunena kuti amutsempha. Bambo amamuloza chala, mayi amamufunsa mafunso ochititsa manyazi, ankhoswe nasonkhana. Banja limagwedezeka pa mlandu umene palibe anaupalamula, ndipo pamene akulu akuweruza, magazi a mwana akucheperachepera. Sindinyoza miyambo ya makolo, poti yambiri inaikidwa pofuna kuteteza mwana yemweyo. Koma ayironi amamanganso ubongo, ndipo chimene mwana wataya pa zaka 2 zoyamba chimavuta kuchibweza. Chimakaonekera ku sukulu, kumene adzamutcha wogona.

Mu 2022 WHO inalangiza kuti makanda oyamwa amene anabadwa masiku asanakwane, kapena osafika makilogalamu 2.5, azilandira mankhwala a ayironi. Inu amayi, pa tsiku la sikelo, kaya ku Mchinji kaya ku chipatala chaching'ono chapafupi, tchulani kuti mwanayu anagonekedwapo ali wakhanda, ndipo pemphani kuti amuone magazi. Muyeso wa mankhwala ausankhe ndi achipatala, osati wa pagolosale, pakuti ayironi akachuluka ndi poizoni.

Akakwana miyezi 6, phala loyera lokha silikwanira. Thiranimo usipa wosinja, nsinjiro, dzira, kachiŵindi kapena bonongwe, kenaka mumpatse mango kapena papaya, zimene zimathandiza thupi kulandira ayironi. Tiyi amalepheretsa zimenezi, choncho adikire. Ndipo inu abambo, neti ija ikhale pamphasa ya mwana, osati kudimba, chifukwa malungo amaononga magazi ochepa omwewo.