Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Kuno ku Nkhotakota, mwera ukayandikira, asodzi akale sadikira kuuzidwa. Amayang'ana mitambo kutsidya kwa nyanja, amamvetsera mafunde pamchenga, nakokera mabwato kumtunda kusanade. Mnyamata wonyozera zizindikiro zimenezi amakaphunzira ali pakati pa madzi, ndipo si onse amene amabwerako kudzasimba.

Tidakumbukira zimenezi tsiku lina Lamulungu, Misa itatha, pamene mai ena ogulitsa usipa adatiimika pakhomo pa tchalitchi. "Bambo Mfumu, tandimasulirani. Nyanja ndi yathu, nsomba ndi zathu, koma mtengo wake ukukwera ngati zachokera ku Ulaya. Akukweza ndani?" Tidaŵafotokozera kuti ukonde, injini ya boti ndi petulo, zonsezo zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo zambiri zimalipiridwa msonkho poloŵa m'dziko. Maiwo adapukusa mutu nati, "Ndiye kuti msonkho wa pachipata ndimapereka ndine, ine amene sindidapondepo ku Songwe."

Adalasa. Wamalonda amapereka msonkho pamalire, nauika pa mtengo wa ukonde. Msodzi amauika pa chitini cha usipa. Potsiriza umakagwera m'mbale ya ndiwo ya banja losauka. Sitikunena kuti msonkho ndi tchimo ai. Popanda msonkho sipangakhale mankhwala m'chipatala, ngakhale mlatho pa mtsinje wa Bua. Funso lathu ndi lina: anthu akalira kuti katundu walemera, Boma limayankha chiani?

Yankho limodzi tidaliona m'chaka cha 2011, ife tikali anyamata a ku seminale. Petulo adasoŵa, ndalama zakunja zidasoŵa, ndipo dziko la Britain lidaimitsa thandizo lake la ndalama zoyendetsera Boma, kazembe wake atathamangitsidwa kuno mu Epulo. Pofuna kukwirira dzenjelo, Boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika lidaika msonkho ngakhale pa buledi, mkaka ndi nyama. Aepiskopi athu anali atachenjeza kale, kumapeto kwa 2010, m'kalata yopempha kuti tiŵerenge zizindikiro za nthaŵi. Pa 20 Julaye anthu adavala zofiira nadzaza misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga. Tsiku lomwelo Pulezidenti anali kukamba nkhani yophunzitsa mtundu ku Lilongwe; anthu ofuna kumvedwa adauzidwa kuti amvere. Tidaunjirira wailesi mpaka pamene mawailesi adaletsedwa kuulutsa zochitika m'misewumo. Anthu 20 adafa, ambiri a iwo ndi zipolopolo, ndipo ena agona ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Mfuti idatontholetsa msewu, koma sidabweretse ndi dontho lomwe la petulo.

Yankho lachiŵiri tidaliona m'chaka cha 2025. Kwacha anali atatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa belo la kaunjika udafika poti ogulitsa sakadathanso kupikula. Mu Febuluwale adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Ulendo uno sikudakhale maliro ngati a 2011. Pulezidenti wa nthaŵiyo, a Lazarus Chakwera, adasintha nduna ya zamalonda, ndipo mu Malichi Boma lidaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga mpunga, ufa ndi zipatso, kuti tisunge ndalama zakunja ndi kutetezera mlimi wathu.

Alimi a mpunga a m'madambo muno anali ndi chifukwa chosangalalira, popeza mpunga wakunja ukachoka pamsika, wao umapeza mtengo. Koma chipata chili ndi mbali ziŵiri. Mu Epulo dziko la Tanzania lidabwezera: lidakana mbeu zathu, naliopseza kutsekera feteleza wathu amene amadzera pa doko la Dar es Salaam. Mlimi yemwe uja adaomba m'manja mu Malichi ndiye akadasoŵa feteleza wa munda wake wa chimanga. Mwamwai, patangopita masiku oŵerengeka chiletso cha Tanzania chidachotsedwa ndipo maboma aŵiriŵa adakhala pansi kukambirana. Koma kodi kukambiranako sikukadayamba chipata chisanatsekedwe?

Mayankho aŵiriŵa ndi osiyana kwambiri, pakuti pa loyamba padatayika magazi. Komabe muzu wake ndi umodzi: kumva mochedwa. Boma lina limadikira mkuntho nkuuombera mfuti. Lina limadikira mkuntho womwewo nkuponya m'madzi katundu aliyense amene ali pafupi, kuti bwato lipepuke. Si ife tokha. Ku Kenya, mu Juni 2024, Pulezidenti William Ruto adabweza lamulo la misonkho yatsopano achinyamata atathyola kale mpanda wa Nyumba ya Malamulo, ena ataphedwa. Mau amene adaŵamva pambuyo pa maliro anali omwewo amene anali kunenedwa sabata zambiri m'mbuyomo.

Nkhaniyi ndi yakale. M'buku loyamba la Mafumu, anthu adapita kwa Rehobowamu kukapempha kuti aŵapepuzire goli limene atate ake adaŵasenzetsa. Akuluakulu adamlangiza kuti ayankhe mofatsa. Iye adasankha uphungu wa anyamata anzake, nayankha mwaukali, ndipo ufumu udang'ambika paŵiri. Anthuwo sadapite kukalanda mpando, adapita kukadandaula. Makolo athu adati mfumu ndi dzala: pamafika zabwino ndi zoŵaŵa zomwe, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma tisaloze chala ku Kapitolo Hilo kokha. Amene amathyola sitolo ya mnzake pa tsiku la zionetsero saba za Boma. Amaba za m'bale wake, naipitsa dandaulo la anthu olungama. Ndiponso ife ansembe, pamodzi ndi makomiti a matchalitchi athu, timadziŵa kukweza mtulo tisanafunse m'miphakati ngati chaka chino kudali dzinthu. Nanga bambo wa pabanja amene amagamula za ndalama za mpunga mai asananenepo kanthu? Ugonthi umene timaudzudzula mwa olamulira umaphunziridwa pakhomo.

Chimene tingapemphe kwa Boma lililonse sichovuta kumva. Lisanakweze msonkho kapena kutseka chipata, lifunse msodzi, mlimi ndi wogulitsa pamsika. Lifotokoze m'chinenero chao chifukwa chake ndi kumene ndalamazo zidzapite. Ndipo iwo akatuluka mumsewu, likumbuke kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu sasiya ana ndi ntchito yake kukaguba padzuŵa chifukwa chokonda kuyenda.

Mai aja akugulitsabe usipa wao pansi pa mtengo wa mango. Sadaphunzire za chuma cha maiko, koma mtengo wa sopo ndi mchere amaudziŵa tsiku ndi tsiku, nduna isanalandire lipoti. Amene afuna kudziŵa ngati mwera uli pafupi, abwere adzakhale nao pamphasa, nyanja ikali bata.